Masaka Asanu ndi Awiri a M'shedi

A Girisi anayendetsa mathirakitala pa famu yaikulu ya kutsidya kwa njanji kwa zaka 26, mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Ngakhale akazi awo ankawatchula choncho akakwiya, poti m'nyumbamo munalibe chitseko kapena kapu yopanda chidindo chakuda cha girisi wa pa chala chawo. Sukulu anailekeza kalasi yachiwiri. Pa famupo analowa ngati mlonda wa nyumba yosungiramo dizilo, ndipo makina anawaphunzira pongoyang'anitsitsa manja a anthu ena. Buku la makina sanalitsegulepo, koma injini ikamalira ankapendeketsa mutu ngati nkhuku imene yamva kabawi, n'kunena kuti, "Silinda yachitatu ikugona." Amakaniko a mapepala akatsegula ankapezadi kuti ndi yachitatu.

Famu itatsekedwa, m'tchire la kuseri kwa nkhokwe munatsala thirakitala imodzi yakufa. Inalibe matayala akutsogolo, mavu anali atamanga pansi pa mpando, ndipo kamtengo kanali katamera pakati pa zopondera. A Girisi atapempha, woyang'anira malowo anangoti, "Tengani, ikutidetsera pano." Anaikoka ndi ng'ombe zinayi zobwereka, mphuno yake ataikhazika pa ngolo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kuilowetsa m'shedi ya malata imene anamanga kuseri kwa nyumba.

Kuyambira pamenepo, kwa zaka khumi ndi chimodzi, anakhala akutola thirakitala yawo chidutswachidutswa. Rediyeta anaichotsa pa lole imene inagubuduka pa mlatho. Mpando unali wa basi. Nyali ina inali yozungulira, inayo ya makona anayi, moti anthu odutsa ankati thirakitala ya a Girisi ikutsinzinira atsikana. Akamva kuti kwinakwake kwafa inzake ya mtundu womwewo, ankakwera njinga masipanala ali m'thumba, n'kubwerako patapita masiku awiri atamangirira chitsulo pa keliyala ngati wodwala wopita naye kuchipatala. Anapeza ziwiri zotere. Ina inapsa ndi moto wa tchire, ina inatitimira m'dambo n'kuiwalika.

Akazi awo ankaitcha "mkazi mnzanga".

"Ine chikwatirane anandigulira nsapato ziwiri zokha," ankauza alendo, "koma mnzangayu amugulira zinayi, ziwiri zazitali kuposa chitseko. Ndipo sasesa, saphika."

Chaka chakhumi injini inalira. Utsi unadzaza shedi, nkhuku zinabalalika, ndipo a Girisi anaima pambali misozi ili chuchuchu, akunamizira utsiwo. Chimene chinatsala ndi giyabokosi, bokosi lachitsulo la pansi pa mpando limene limatenga mphamvu ya injini kuipereka ku matayala.

Mwa ana awo atatu, amene ankaikhulupirira thirakitalayo anali wotsiriza, mtsikana wa zaka 24 wogulitsa misomali, mabawuti, mahinjesi ndi maloko pa benchi mumsika. Ankamutcha Kasikelo, chifukwa ukamuuza kuti kilo ya misomali ankatapa ndi manja, kuponya pa sikelo, muvi n'kuima pomwepo. Akaphonya ndiye misomali iwiri. Pa benchi pake chilichonse chinali ndi chitini chake, zing'onozing'ono kumanzere, zikuluzikulu kumanja, ndipo ankatha kukupatsa chimene ukufuna uku akulankhula ndi kasitomala wina. Anali atawerengera kale kuti thirakitala ikayenda izilima maekala asanu patsiku, kuti m'deralo muli alimi oposa 60 amene mvula imawapeza asanamalize kulima, ndiponso kuti iye adzasiya benchi n'kutsegula sitolo yokhala ndi chitseko.

"Ababa, inu muziyendetsa, ine ndizipeza minda," ankatero.

"Iwe mutu wako umathamanga kuposa giya yomaliza," a Girisi ankayankha, koma ankakondwa.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kaokha. Poti sankalemba, buku lawo linali pansi pa shedi. Ankayala masaka, ndipo chitsulo chilichonse chimene achotsa ankachiika pa saka motsatana, kuyambira kukhoma kubwera kukhomo. Pomanga ankayambira kukhomo kubwerera kukhoma. Pa giyabokosi ntchito inakula, chifukwa ankamanga imodzi kuchokera pa zitatu zakufa zija. Miyezi isanu ndi itatu anakhala akuyesa giya iyi pa shafiti iyo, ndodo yachitsulo imene magiya amakhalapo, kumvetsera ndi zala, kusankha. Zimene zakhoza zinkakwera pa saka. Zokanidwa zinkakhala pansi penipeni, m'mphepete mwa sakalo, chikhatho chimodzi kuchokera pa zinzake. Pakati pa magiya pamalowa timawashala topyapyala ngati pepala, tooneka tofanana, koma tina n'tonenepa pang'ono kuposa tinzake, ndipo kalikonse kali ndi malo ake. Mabawuti a chivundikiro nawonso anali onenepa mofanana, koma anayi anali aafupi ndi chikhadabo chimodzi. Zonsezi zinagona pa masaka asanu ndi awiri, ndipo a Girisi sanafotokozerepo munthu. Ankangoti, "Osaponda masaka." Aliyense pakhomopo ankayesa kuti akuopa dothi la kumapazi.

Atatsala pang'ono kuyamba kumanga, diso lamanja linawakaniza. Linali litachita ng'ala kwa nthawi, iwo akubisa, mpaka tsiku lina anathira tiyi pambali pa kapu. Adokotala anati pafunika opareshoni, masiku anayi ku chipatala cha m'tauni, akazi awo akawadikirire kumeneko. Anachenjezanso kuti akabwerako, diso limenelo lisaone fumbi.

Mawu akuti fumbi ndi amene anamulowa Kasikelo. Tsiku lachiwiri makolo ake atapita, anatseka benchi masana n'kulowa m'shedi ndi tsache, beseni la palafini ndi zitini za penti khumi ndi ziwiri zopanda kanthu. Ankafuna kuti abambo ake akadzatsegula diso latsopano adzaone malo owala. Anatola zonse, za pa masaka ndi za m'mphepete zomwe, kutsuka, kupukuta, kugawa: magiya paokha, mabawuti paokha, timawashala m'chitini chimodzi. Anawerenga, poti kusawerenga sakanatha: zidutswa 214. Anakung'untha masaka panja, kusesa, kuwaza madzi. Ntchito yonse inamutengera maola atatu, ndipo ankaigwira akuimba.

Anazindikira akutseka chitini cha timawashala. Anatola tiwiri totsalira pa tebulo kuti atiponyemo, zala zake za pa sikelo zija n'kumuuza kuti kena n'kolemera. Anatigundanitsa, kuyang'ana padzuwa. Kena kanali konenepa ndi tsitsi limodzi kapena awiri. Anakhuthula chitini chonse. Tinalipo 31, ndipo kunenepa kwake kunali kwa mitundu yosachepera isanu. Anatembenuka kuyang'ana pansi poyera pamene panali masaka. Anakumbukira mmene abambo ake ankayendera chammbali pakati pa masakawo, ndi mmene ankabwezera chitsulo pamalo penipeni pamene achitenga, ngakhale chikhale choti achigwiranso pompano.

Apa m'pamene akanaimira. Akanatseka shedi, kudikira, n'kudzanena kuti, "Ababa, ndalakwa." Akanakalipidwa sabata imodzi, mwina ziwiri. Koma Kasikelo anazolowera kuti vuto limatha ukalithamangira lisanakule. Anayalanso masaka aja. Ankakumbukira kuti saka loyamba linali ndi zinthu 19, lachiwiri 33, ndiponso kuti giya yaikulu inali pafupi ndi mwendo wa tebulo. Magiya sanamuvute kwenikweni, poti mafuta anali atasiya zithunzi zake pa masakawo. Koma timawashala ndi mabawuti anangogawa mwa chiwerengero: apa tinayi, apo tiwiri, tina m'mphepete. Atamaliza anaona kuti zitsulozo zikuwala kwambiri. Anatenga oyilo wakuda wa m'chigubu n'kupaka chimodzichimodzi. Kenako anapita kudzala, kutapa fumbi limene anasesa lomwe lija, kudzaliwaza pamwamba. Zitini anabwerera nazo kumsika tsiku lomwelo.

A Girisi anabwera ndi bandeji ndi magalasi akuda.

"Taonani mnyamata amene ndatola m'tauni," akazi awo anauza aneba.

Masabata atatu anawaletsa kulowa m'shedi. Tsiku limene analoledwa, Kasikelo anapeza chifukwa chochedwera kupita kumsika. Anaima pakhomo la shedi. A Girisi anayenda chammbali pakati pa masaka, manja kumbuyo, kenako anaima.

"Kani dzikoli n'lowala chonchi?" anatero. "Ine ndimayesa zitsulozi n'zakuda zonse."

"Ndi diso latsopanolo, ababa," Kasikelo anayankha. Mawuwo anatuluka mosavuta moti anadziopa yekha.

Kumanga koyamba kunatenga masiku asanu ndi limodzi. Atamaliza, a Girisi anagwira shafiti kuti aizungulitse ndi dzanja, koma inakana ngati yawotcheredwa. Anamasula zonse, kubweza pa masaka monga anazipezera, n'kukhala pansi kuziyang'ana nthawi yaitali. Kachiwiri shafiti inazungulira, koma inkagwedera, ndipo giya yachiwiri inkatuluka yokha.

"Mwina zitsulozo zatupa ndi kutenthaku," akazi awo anatero pa chakudya.

"Chitsulo si mwendo wanu, mayi."

Anaseka onse, koma a Girisi anasiya mbale ili theka.

Kachitatu Kasikelo analipo, atawabweretsera tiyi. Abambo ake anali atasinthasintha timawashala mongoyesa, ndipo zinthu zinkaoneka ngati zayamba kumvana. Anaika chivundikiro n'kuyamba kumanga mabawuti, kutola pa saka lomaliza motsatana, osayang'ana n'komwe. Dzenje lachisanu linali limodzi mwa maenje osaboola, olowa mabawuti aafupi aja. Bawuti limene linalowamo linali lalitali. Linafika pansi chivundikiro chisanagwire, a Girisi anayesa kuti ndi dzimbiri, anakoka sipanala kamodzinso. Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola bisiketi. Mng'alu unayenda kuchokera pa dzenjelo kutsika m'mbali mwa bokosi, utali wa chikhatho.

Bokosi labwino linali lokhalo. La thirakitala yopsa linapindika ndi moto, la ya m'dambo linadyeka ndi dzimbiri.

A Girisi anatulutsa bawutilo, kuliyeza ndi linzake pa chikhatho. Anayang'ana pa saka, pamalo pamene analitola.

"Ndinaliika ndekha apa," anatero motsitsa. "Miyezi isanu ndi itatu. Ndinaliika ndekha."

Kasikelo anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Tiyi akuzizira, ababa."

Chimene a Girisi ankaopa sichinali chitsulo. Abambo awo, agogo ake a Kasikelo, anali kalipentala wodziwika, ndipo atakula mutu unayamba kuwathawa pang'onopang'ono. Zinayambira pa ntchito. Anakhoma tebulo la miyendo itatu yofanana, wachinayi waufupi, n'kumakana kuti sanaphonye muyezo. Pomaliza ankawapeza pa siteji ya basi atanyamula sowo, akudikira bwana amene anamwalira kalekale. Amene ankapita kukawatenga anali a Girisi.

Sabata yomweyo anatseka shedi ndi loko. Neba atabwera ndi pampu ya madzi, ntchito imene kale ankaigwira uku akucheza, anamubweza. "Pitani nayo kwa achinyamata, ine ndingakuonongereni." Anayamba kufunsa akazi awo ngati athira kale mankhwala m'diso, ngakhale anali atathira okha mphindi khumi zapitazo ndipo ankakumbukira. Ankangofuna wina awatsimikizire. Njinga anaipachika kudenga. Akaika chipewa pena n'kuchisowa kwa kamphindi, zimene munthu aliyense amachita, nkhope yawo inkasanduka ya mwana wotayika mumsika.

Kasikelo ankaona zonsezi, ndipo ankawerenga masiku kuchokera pa tsiku la mng'alu. Tsiku lachisanu ndi chinayi anaganiza kuti anena mawa. Pofika tsiku la 16 anaona kuti mawu oti anene akula: tsopano sakangonena za kusesa kokha, akanenanso za masiku onse amene wakhala chete. Pa benchi anayamba kuphonya. Mmisiri wina anamubwezera misomali ya mainchesi atatu, iye atapempha ya anayi, n'kufunsa kuti, "Chemwali, mwagwa m'chikondi kapena?" Anayesa kukonza zinthu chamseri, monga mwa chizolowezi chake. Anafunsa onse ogulitsa zitsulo zakale ngati angapeze bokosi lotero. Anajambula mng'alu pa foni kudzera pa mpata wa malata, kupita nacho chithunzicho kwa wowotcherera, amene anapukusa mutu n'kunena kuti chitsulo cha mtundu umenewo ukachiwotcherera apa chimang'aluka apo.

Kawiri anafika pakhonde atakonzeka kuulula. Koyamba anapeza alendo, ndipo mtima wake unathokoza alendowo. Kachiwiri abambo ake anali okha, masana, akuyang'ana nkhuku.

"Khala apa," anatero asanayambe iye. "Agogo ako unawaona?"

"Ndinali wamng'ono, ababa."

"Tinkawatsekera m'chipinda. Tinkati tikuwateteza." Anachotsa maso pa nkhuku n'kumuyang'ana. "Ine ndikadzayamba kuyendayenda, musadzanditsekere. Uzidzabwera kudzanditenga ndiwe. Uli ndi miyendo yachangu, ndipo suchita manyazi ndi anthu."

Kasikelo anavomera ndi mutu. Anavomeradi. Kenako ananena kuti wasiya benchi ndi munthu, n'kunyamuka.

Tsiku lina amayi ake anabwera ndi a Girisi kumsika. Podutsa msewu anawagwira pa chigongono, ndipo a Girisi sanakane kugwiridwa. Anakhala pa kampando kuseri kwa benchi n'kumayang'ana zitini za mwana wawo, zina mwa izo zomwe zija za penti.

"Taonani, mayi," anauza akazi awo. "Chilichonse pamalo pake. Mutu umene ndinali nawo unapita kwa uyu. Bola sunatayike."

"Mwabereka, bambo," anatero mayi wogulitsa mapoto pa benchi yoyandikana.

Kasikelo anawerama ngati akufuna kanthu pansi pa benchi, ndipo anakhala komweko mpaka kasitomala anagogoda pa thabwa.

Kumapeto kwa mwezi kunabwera achimwene ake aakulu, kalaliki wa m'tauni, amayi atawaimbira foni. Sanali munthu woipa. Anaona abambo awo ataonda, akufunsa kawirikawiri ngati lero ndi Lachitatu, ndipo anachita mantha.

"Ababa, chitsulo chija chikukudwalitsani. Mukangoona shediyo mumayamba kuganiza. Tichichotse, ndikutengeni mukaonane ndi dokotala wa za mutu, mupume. Ndalankhula kale ndi munthu wogula zitsulo zakutha, ali ndi lole. Amadula ndi gasi pompo, n'kunyamula."

Onse ankadikira kuti a Girisi akalipa. Iwo anayang'ana zikhadabo zawo, zimene kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri zinali zoyera.

"Abwere Loweruka," anatero. "Koma injini asaidule ine ndikuona."

Kasikelo anawatsata achimwene ake kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, tadikirani kaye mwezi umodzi wokha. Bokosi lina likhoza kupezeka."

"Iwe ndi maekala ako asanu," anamudula. "Ukufuna thirakitala kapena ukufuna bambo?"

Loweruka lole inayenera kufika cha m'ma teni. Itangokwana naini, a Girisi anatsegula shedi kuti achotsemo zida zawo. Masaka anali pomwepo, zitsulo zili ndandanda monga anazibwezera atamasula komaliza. Kasikelo analowa pambuyo pawo.

"Ababa."

"Nyamula bokosi la masipanalalo. Ndi lako tsopano. Ugulitse kapena usunge, zili ndi iwe."

"Ababa, masaka awa ndinawayalula ine."

Anamuyang'ana ngati walankhula chilankhulo china. Ndiye anafotokoza zonse: tsache, palafini, zitini khumi ndi ziwiri, zidutswa 214, timawashala tiwiri padzuwa, oyilo wa m'chigubu, fumbi la kudzala. Anayamba ndi liwiro la kumsika, koma pomaliza mawu ankatuluka limodzilimodzi.

A Girisi anakhala pa tayala lakale limene linali pafupi ndi khoma.

"Liti?"

"Tsiku lachiwiri muli kuchipatala."

"Ndipo fumbi unathira dala."

"Eya."

"Pamene bokosi limang'aluka unali pomwepa ndi tiyi."

"Eya, ababa."

"Pakhonde paja, ndikukupempha kuti uzidzanditenga."

Kasikelo anavomera ndi mutu.

"Kusesa ndikanakukhululukira tsiku lomwelo," anatero a Girisi. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinamuwawa kwambiri. "Amayi ako anayatsirapo moto kalata yanga ya ntchito, koma tilipobe. Kusesa si mlandu. Koma iwe wandisiya masiku angati ndikudziyesa wozungulira mutu?"

"41."

"Unkawerenga."

"Eya."

A Girisi anatsika pa tayala paja n'kugwada pa saka lachitatu, maondo akulira. Anatola kawashala kamodzi, kukapukuta pa thalauza, kukatikita pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, maso atatsinzina.

"Aka si ka pano. Aka n'ka thirakitala yopsa ija, ndinakakana kalekale." Anakaponya pambali. Anatola kena. "Aka n'ka kuseri kwa giya yachiwiri. Kakufuna chiyani kuno?" Anakwawa kupita pa saka lachisanu, kukaika, kubwerako ndi kena. Manja anayamba kufulumira. Ankalankhula, koma osati ndi mwana wawo. "Ndinkakamva aka. Tsiku loyamba lomwelo zala zinandiuza kuti n'kolakwika. Koma ndinkati saka silinganame, wonama ndi mutu wanga."

Mabawuti anawafola pa chikhatho awiriawiri, aafupi anayi aja n'kutuluka okha. Anawaika padera mosamala ngati mazira.

Pakhomo panada. Anali amayi, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti amva zokwanira.

"Nanga pamenepa?" anafunsa amuna awo.

"Mutu ulipo, mayi. Chimene palibe ndi bokosi."

Amayi anatembenukira kwa mwana wawo. "Ine ndakhala ndikuwagwira pa chigongono ngati khanda, anthu akuona, iwe uli pomwepo." Analowa, kudutsa chammbali pakati pa masaka, n'kukaima kumbuyo kwa amuna awo, dzanja lili pa phewa lawo.

Kumsewu kunalira hutala, kawiri. Anamva achimwene akuitana kuti lole yafika, atsegule geti.

A Girisi sanadzutse mutu.

"Pita ukawabweze," anatero. "Ndipo ukawauze wekha chifukwa chake, achimwene ako ndi mwini loleyo. Asapite kukanena m'tauni kuti a Girisi lero avomera, mawa akana, poti mutu suli bwino. Ukanene zonse. Za fumbi zomwe."

Kuchokera pa shedi kufika pa geti ndi mapazi makumi atatu. Kasikelo anawayenda. Mwini lole anali atatsitsa kale mabotolo a gasi, ndipo aneba awiri anali ataima pa mpanda kudzaonerera. Ananena zonse pamaso pa onsewo. Mwini lole anadandaula za dizilo amene wawotcha pachabe, kenako anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto, n'kunena kuti pa ntchito yake yonse sanamvepo za munthu wothira fumbi pamalo pamene wasesa yekha. Achimwene sanaseke. Anavula magalasi, kuwapukuta, kupita ku shedi osamuyang'ana.

Papita miyezi isanu tsopano. Mvula inabwera n'kupeza thirakitala ili pa njerwa zake, ndipo alimi 60 aja analima monga amalimira chaka chilichonse. A Girisi anatsitsa njinga. Pampu ya neba anaikonza tsiku limodzi, n'kumukalipira neba chifukwa choipereka kwa achinyamata amene anaimanga ndi waya. Masaka anawayalanso okha, masabata asanu ndi limodzi, ndipo akuti timawashala tiwiri tokha n'timene akukayikabe.

Kasikelo wapeza mabokosi anayi kwa ogulitsa zitsulo zakale, ndipo onse anayi ndi a mtundu wina. Lachisanu wamva kuti lili pa famu ina yakutali, ulendo wa mabasi awiri, ndipo akuti apitako sabata ikubwerayi. Iye akukhulupirira kuti limeneli ndi lomwelo, monga ankakhulupirira pa anayi aja.

Abambo ake amalankhula naye. Amamufunsa za msika, za mvula, ngati wadya. Koma za mutu wake wothamanga sanazitchulenso, ndipo akafika pakhomo la shedi samuuza kuti alowe. Tsiku lina akutsuka mbale anafunsa amayi ake ngati akuona kuti abambo adzamukhululukira.

Amayi anatsukuluza kapu, kuiyang'ana, kuibweza m'madzi poti inali ndi chidindo chakuda.

"Akukonza," anatero. "Usawafulumizitse."